Mayina a mafayilo okhala ndi mipata akundisokonezera script ya Bash

Akuluakulu, ndikupempha thandizo lanu. Ndimajambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mangochi, ndipo ndinalemba script ya Bash (kapulogalamu ka malamulo olembedwa amene kompyuta imatsatira) pa kompyuta yanga ya Ubuntu yoti izikopera zithunzi m'mafoda a makasitomala anga. Nditalemba `for f in $(ls *.jpg)`, fayilo yotchedwa "Chinkhoswe ku Namwera 04.jpg" inaduka zidutswa zinayi, ndipo `cp`, yomwe imakopera mafayilo, inadandaula kanayi kuti fayilo yotero kulibe. Kulemba "$f" sikunathandize, chifukwa shell (pulogalamu yoyendetsa script, apa ndi Bash) imakhala itaduladula kale mayinawo pa mipata isanalowe mu loop (gawo la script lobwerezedwa pa fayilo iliyonse).

Ndinasintha n'kulemba `find . -name '*.jpg' -print0 | while IFS= read -r -d '' f`, ndipo tsopano mayina akubwera athunthu. Komatu apa ndi pamene pandivuta kwambiri. M'kati mwa loop ndimafuna kuti script, pogwiritsa ntchito `read` ina yowerenga yankho langa, izindifunsa foda yoti chithunzi chilichonse chipiteko, koma `read` yachiwiriyo sidikira kuti ndilembe pa kiyibodi. Imangomeza mayina onse otsalawo, loop n'kuthera pa chithunzi choyamba. Dzulo mayi wina amene anachokera ku Malindi anabwerera chimanjamanja chifukwa cha zimenezi, ndipo zinandiwawa.

Kodi njira yoyenera ndi kuwonjezera `< /dev/tty` pa `read` yachiwiriyo kuti iziwerenga za pa kiyibodi, kapena ndi bwino mayinawo adzere pa file descriptor (nambala ya njira yolowera deta mu pulogalamu) ina, monga `read -u 3`? Sindingadalire `for f in *.jpg` yokha, popeza zithunzi zina zimakhala m'mafoda a m'kati.