Ndalama zothandizira ana: zipite kwa mwana aliyense kapena kwa osaukitsitsa okha?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Boma likafuna kuchepetsa umphawi wa ana koma thumba lili lochepa, chabwino n'chiti: kupatsa mwana aliyense pang'onopang'ono, kapena kusankha mabanja osaukitsitsa n'kuwapatsa zambiri? Nanga lamulo loti mwana asamajombe kusukulu limathandizadi?

Wakalembera: Kusankha kumaoneka kotchipa, koma kumagwa pa kalembera. Olemba amayang'ana denga, ziweto, kuchuluka kwa anthu pakhomo ndi sukulu ya mutu wa banja, kompyuta n'kupereka malikisi. Komatu umphawi suima malo amodzi. Banja lomwe linali bwino tsiku la kalembera, wolidyetsa akamwalira kapena ntchito ikatha, limadikira kalembera wina, mwina patapita zaka. Kusankha ndi msinkhu wa mwana kulibe zokangana zambiri. South Africa inayamba ndalama zothandizira ana zotchedwa Child Support Grant mu 1998 ndi ana osakwana zaka 7, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka 18, ngakhale amaonanso ndalama zomwe wolera amapeza. Chenjerani ndi zikalata zokha: mukaumirira setifiketi yobadwira, makanda ndi ana amasiye ndiwo amatsala kunja.

Mphunzitsi: Za sukuluzo zinatchuka ndi madongosolo a boma othandizira mabanja osauka, Progresa ya ku Mexico mu 1997 ndi Bolsa Família ya ku Brazil mu 2003. Ndalama zinkaperekedwa kwa mayi, mwana azipita kusukulu ndi kukalandira katemera. Kulembetsa ana kunakweradi. Koma mwana wojombajomba nthawi zambiri amachokera pakhomo pomwe zinthu zathina kwambiri, ndiye mukadula ndalama mwalanga yemwe mumafuna kumuthandiza. Kujombako kuzikhala chizindikiro choti wina akayendere banjalo. Ndiponso ngati sukulu ili kutali kapena ilibe aphunzitsi, lamulolo ndi la papepala chabe.

Wachuma: Mwaiwala zitatu. Ndalamayo izikwezedwa chaka chilichonse molingana ndi kukwera kwa mitengo, apo ayi imasungunuka mwakachetechete popanda woidula. Chachiwiri, izibwera pa tsiku lodziwika. Ikachedwa miyezi itatu banja limakongola katapira, ikafika imangothera kubweza.

Chachitatu, isaime. Ku United States atakulitsa Child Tax Credit (thandizo lomwe boma limapatsa mabanja okhala ndi ana kudzera m'dongosolo la msonkho) mu 2021, umphawi wa ana unatsika kufika pa 5.2 peresenti. Dongosololo litatha, mu 2022 unakwera kufika pa 12.4 peresenti.