Gulu la Banja: za bambo a Tadala ku Congo

Lachisanu, 14 Malichi 2025

Amalume (Chilomoni): Mwadzuka bwanji nonse. Amene mwatsegula wailesi mwamva kale. Dzulo atsogoleri a SADC anakumana motsogozedwa ndi a Mnangagwa a ku Zimbabwe, ndipo agwirizana kuti ntchito ya SAMIDRC, gulu la asilikali limene SADC inatumiza ku Congo, ithe, asilikali ayambe kuchoka ku Congo pang'onopang'ono. Mwana wathu ali m'gulu lomwelo. Tiyeni tikambirane zochita.

Azakhali (Ndirande): Ambuye alemekezeke! Mbuzi yomulandirira ndigula ine, wina asandilande.

Amake Tadala: Zikomo azakhali, koma ndikupempha mbuziyo iyambe yadikira. Pa 5 Febuluwale a Pulezidenti Chakwera analamula mkulu wa asilikali kuti ayambe kukonzekera zowabweza. Tsiku limenelo ndinachapa makatani, ana anavina pabwalo. Patha mwezi, bambo awo akadali komweko. Bwalo la ndege la ku Goma ndi lotseka chilandireni mzindawo zigawenga za M23 kumapeto kwa Januwale. Adutsira kuti? Foni akaimba sachedwa, amangoti tili bwino, musadandaule, basi yaduka. Tadala akugona ndi foni yanga pansi pa pilo.

Azakhali (Ndirande): Pepani mwana wanga. Ndamva.

Achimwene (Johannesburg): Alamu akunena zoona, komabe mphepo yatembenuka. Kuno anataya asilikali 14 ndipo aphungu anakangana kwambiri ku nyumba ya malamulo. A chipani cha EFF akhala akukuwa kuti anyamata abwere, ngakhale a chipani cha DA amene ali m'boma momwemo akunena zomwezo. South Africa ndi imene inatumiza ambiri. Ikanyamuka, Malawi ndi Tanzania sangatsale okha.

Bambo a Chisomo: Ine ndisabise, zikundiwawa. Mu 2013 asilikali athu omwewa, pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa pansi pa UN, anagonjetsa M23 yomweyi. Mu 2018 tinataya asanu ndi mmodzi ku Beni, ndipo malemu Chancy Chitete anapatsidwa mendulo ndi UN chifukwa anafa akupulumutsa mnzake. Lero tichoke, anthu wamba a ku Goma atsale ndi ndani?

Amalume (Chilomoni): Funso lako ndi labwino, koma taona zinthu mmene zilili. Anyamatawa anapita mu Disembala 2023 kukathandiza boma la Congo kuti zigawenga zisalande Goma. Goma analandidwa, mwezi watha Bukavu nayenso wapita. A UN akuti kumbuyo kwa M23 kuli asilikali a Rwanda, ngakhale Rwanda imakana. Ndiye ana athu akhala m'misasa atazunguliridwa, chakudya ndi madzi zikudutsa mwa chilolezo cha anthu omwe anapita kukamenyana nawo. Pamenepo sakuteteza munthu. Mu Januwale tinalira atatu. Nkhondo imeneyi ithera pa tebulo, n'chifukwa chake atsogoleri anasonkhana ku Dar es Salaam pa 8 Febuluwale. Kubweza msilikali pa nthawi ngati iyi si mantha ayi.

Bambo a Chisomo: Ndamva amalume. Mtima sunakhazikike, koma nanenso ndikufuna achimwene abwere amoyo.

Achemwali (Bangwe): Abale, ndilowepo ndi za pakhomo, chifukwa amayi ndikukhala nawo ndine. BP yakwera. Lachiwiri mnyamata wina wapafupi anawaonetsa vidiyo ya pa Facebook, mitembo ili m'mbali mwa msewu, ati ndi ku Sake, kufupi ndi Goma. Usiku wonse sanagone, anakhala pamkeka atagwira chithunzi cha achimwene chija cha yunifolomu, nsima osaikhudza. Chonde, wina aliyense asawatumizire kanthu. Nkhani ya dzuloyi sindinawauze, ndikuopa ayamba kukhala pakhomo kuyang'ana minibasi iliyonse.

Amalume (Chilomoni): Wachita bwino. Ndidzawauza ndekha mlongo wangayo, maso ndi maso, kuti lamulo latuluka koma tsiku silinadziwike. Tikumane Lamlungu ku Bangwe tikaweruka ku tchalitchi, 2 koloko. Tipemphere, kenako tikhale pansi.

Azakhali (Ndirande): Ndiuza amayi awiri a Mvano abwere nane. Ndalama ya mbuzi ija ndigulira mankhwala a BP ndi shuga. Ndiphikanso chigumu.

Amake Tadala: Pali nkhani ya munda wa ku Chiradzulu. Chimanga chayamba kukhwima ndipo anthu ayamba kuthyola mondokwa usiku. Zaka zonse aganyu amawapeza ndi bambo a Tadala. Ine ndi ana a sukuluwa sindingathe kukagona kumeneko.

Bambo a Chisomo: Munda mundisiyire alamu. Mawa ndikwera ya ku Limbe, ndikapeze mlonda. Zokolola tidzaona mwezi wa mawa, matumba ndili nawo.

Achimwene (Johannesburg): Ya mlonda ndilipira ine mpaka kukolola. Nditumiza madzulo ano.

Amalume (Chilomoni): Enafe aliyense K10,000 pa Airtel Money kapena Mpamba, kwa achemwali anu a ku Bangwe, pasanafike Lamlungu. Amene zavuta anene kumbali, palibe wokakamizidwa, nyengo ino tonse tikuidziwa. China: zimene mwana wathu wanena pa foni zithere muno. Osalemba pa Facebook kumene ali kapena kuti abwera liti. Mbiri ya tsiku lobwera tidzaikhulupirira ikachokera ku barakisi kudzera kwa amake Tadala, osati kwa wina.

Azakhali (Ndirande): Nanga Tadala timuuza chiyani? Mwana uja ndi wochenjera, amva kusukulu.

Amake Tadala: Wamva kale, wandifunsa mmawa akuvala nsapato. Ndamuuza kuti akuluakulu avomera kuti adadi abwere, koma njira ndi yaitali ndipo tsiku sitikulidziwa. Amalume, Lamlungu mudzamuuzenso inuyo, mawu anu amawamvera.

Amalume (Chilomoni): Ndidzatero. Bambo a Chisomo, ukachoka ku Chiradzulu mawa utilembere muno mmene wapezera munda.

Bambo a Chisomo: Chabwino amalume. Achemwali, mipando ilipo yokwanira kapena ndibwereke ina?

Achemwali (Bangwe): Bwerekani isanu, mikeka ilipo.