Ka Bugatti Type 35 ka CMC pa £320, ndigule kapena ndisiye?

Wa_ku_Leeds: Abale ndithandizeni nzeru. Mdala wina kuno akugulitsa kagalimoto kachitsulo ka Bugatti Type 35 ya 1924, kopangidwa ndi kampani ya timagalimoto ya CMC, sikelo 1:18 nde kutalika ndi masentimita ngati 20 basi. Boneti imatseguka injini ya masilinda 8 nkumaoneka ndi timawaya take, marimu aja a aluminiyamu awatengera ndendende. Akuti £320 ndi bokosi lake. Mtima wapita kale koma thumba likukana.

Bambo_a_awiri: Musandikumbutse amwene. Ine ndinaoda Mercedes SSK kwa munthu wina pa intaneti, pazithunzi kanali kowala bwino, ndadikira miyezi iwiri ndalipira shiping'i ndalipiranso msonkho, kutsegula bokosi ndikupeza chitseko chathothoka thupi lonse ming'alu yokhayokha ngati dothi la m'dambo mu Okutobala. Kumuimbira wandibuloka. Mpaka lero zimandiwawa.

Makaniko265: Imeneyo amati zinc pest. Timagalimototi amapangira zinki wosakaniza ndi aluminiyamu, nde mukalowa mtovu pang'ono chitsulo chimafufuma nkumasweka chokha, mankhwala ake palibe. Timagalimoto ta kampani ya Dinky topangidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe tambiri tinatha choncho. Muuzeni mdalayo ajambule kunsi ndi m'mbali mwa zitseko.

BigmanJoni: £320 mukulira? Ine mukabati yagalasi muno muli 40 kupitirira, CMC zokha 9. Yapamtima ndi Mercedes SSKL yoyera imene Caracciola anawinira Mille Miglia mu 1931, munthu woyamba wosakhala wa ku Italy kuwina mpikisano umenewo. Ndilinso ndi Bentley Blower imene inawina Le Mans 1930. Alendo akabwera amaiwala tiyi.

Makaniko265: Blower sinawineko Le Mans bigman. 1929 ndi 1930 inawina ndi Speed Six.

BigmanJoni: Zonse ndi Bentley

Mai_Nachi: Achimwene a ku Leeds, simungoyamba ndi Bburago bwanji? Ali ndi Bugatti Type 59 ya 1934, Jaguar SS100, ngakhale SSK yomweyo, sikelo yomweyo 1:18. Amuna anga anapeza Jaguar pa car boot (msika wa zakaunjika) £12 ndipo ili pa shelefu mpaka pano, ana amaigwira palibe amene amakuwa.

BigmanJoni: Bburago ndi zidole za ana mayi, pulasitiki thoo. Ndipo £12 mwanama, kuno sapitirira R150

Mai_Nachi: Nde mwati ndanama chifukwa yakwera kapena yatsika? kkkk

Chikulire_wa_Ndirande: Ife tinkapanga tokha zawaya, mateyala a zitsekerero, chiwongolero chachitali kumayendetsa fumbi lili kobo. £320 mukasintha panopa ndi matumba angati a feteleza, tawerengani kaye.

Wa_ku_Leeds: Madala feteleza ndinatumiza kale mwezi watha. Galimoto imeneyi inawina Targa Florio zaka zisanu zotsatizana, 1925 mpaka 1929, m'mapiri a ku Sicily, ndipo yeniyeniyo sindidzaikwanitsa moyo wanga wonse, nchifukwa chake ndikukafuna kakang'onoka.

Makaniko265: Ngati satifiketi ndi bokosi zilipo mtengowo si woipa. Yambirani pa £270.

Bambo_a_awiri: Olo £100 ine ayi. Kagwireni kaye ndi manja musanatulutse khobidi.

BigmanJoni: Mukasiya mundipatse nambala ya mdalayo