Zafika pati za Chingerezi cha mphwanga uja

Abale, mwezi watha ndinafunsa za mphwanga wa kalasi 10 kuno ku Ulongué, ku Mozambique, amene amawerenga ndime ya Chingerezi mokweza bwinobwino koma mafunso ake osakhoza n'limodzi lomwe. Ambiri munati asiye kumasulira liwu lililonse m'Chipwitikizi. Tayesadi.

Amalume athu akapita kukagulitsa mbatatesi ku Dedza amabwerako ndi nyuzipepala ya The Nation. Mnyamatayo amadula nkhani ya mpira, kuiwerenga kawiri, kenako kundiuza m'Chichewa kuti wachita chiyani ndani, kuti, liti. Dikishonale amatsegula pomaliza, monyinyirika ndithu.

Nkhani zazifupi akuzimva tsopano. Koma mafunso ofuna maganizo a mlembi akumuzunguzabe mutu. Amene muli ndi mapepala a mayeso akale, tibwerekeniko.