Mphoto zolemba pa fomu ya koleji: ndasankha tsopano

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha sabata ziwiri zapitazo. Ndinafunsa kuti pa mphoto 9 zomwe ndinapata kusekondale ndilembe ziti, popeza pa Common App (fomu ya pa intaneti yofunsira malo m'makoleji ambiri a ku America) gawo lolembapo mphoto, lotchedwa Honors, limalola 5 zokha.

Ndinatsatira malangizo a amene munati ndiyambe ndi mphoto imene tinalimbirana anthu ambiri, osati imene ndimaikonda. Choncho ya masamu ya chigawo chonse yakhala pamwamba, za pasukulu pathu pansi. Satifiketi yosajomba ndaichotsa, ngakhale mtima unawawa ndithu, zaka zinayi osaphonya tsiku si masewera. Za mpira ndi kwaya ndazisamutsira ku gawo la Activities (zochita zakunja kwa kalasi), kumene kuli malo 10, chifukwa Honors ndi ya zamaphunziro.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mzere uliwonse umalandira zilembo 100 basi, kuphatikizapo mipata. Ngati mphoto yanu ndi yosadziwika, dzina lokha silithandiza, onjezani kuti munakhala wachingati komanso mwa anthu angati. Ine ndinayamba ndalemba papepala n'kumawerenga zilembo chimodzichimodzi. Fomu ndatumiza dzulo, aphunzitsi anga ataiwerenga kawiri.