Hilux ya malemu bambo ikuwira pa chitunda cha Thabwa, ndikonze kapena ndigulitse?

Wa ku Ngabu:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi Toyota Hilux ya 1994, yadizilo, injini ya 3L ija ya 2.8. Anaigula ndi malemu bambo atapuma ntchito ku fakitale ya shuga ku Nchalo, masiku amene tinkaitchulabe kuti Sucoma. Yanyamula thonje, mapira, mbuzi, maliro a m'mudzi mwathu, ndipo wina akadwala usiku anthu amagogoda kwathu.

Ndikamayenda muno m'chigwa, kaya ku Bangula kaya ku Nsanje, ilibe vuto. Koma ndikangowoloka mlatho wa Kamuzu n'kuyamba kukwera ku Thabwa kulowera ku Blantyre, kamuvi kosonyeza kutentha kamakwera nane limodzi. Ndisanafike pamwamba madzi awira, ndaima pambali, boneti mmwamba, ndikudikira ndi chigubu m'manja a minibasi akundiimbira hutala. Mwezi wa Okutobala ndiye osanena. Makaniko wina anachotsa thermostat, kavavu kamene kamatsegulira madzi opita ku radiyeta injini ikatentha, akuti kuchigwa kuno n'kotentha kale, siifunika. Sizinasinthe. Wina akuti hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, yatha, tigule injini ina yochokera ku Japan. Mayi akunyumba akuti ndigulitse tigule Probox, kagalimoto kakang'ono ka Toyota. Mtima wanga ukukana, koma thumba nalo likulira. Mukanakhala inu mukanatani?

Sipanala wa pa Dyeratu:

Achimwene, musanagule injini ndiyankheni kaye: mumathira madzi anji mu radiyeta? Ngati ndi a pamjigo, poyambira ndi pomwepo. Mijigo yambiri ya kuno ku Chikwawa madzi ake ndi amchere, ngakhale pakamwa amamveka. Onani m'ketulo ya kwanu mmene mumachitira zoyera zouma pansi, zomwezo n'zimene zili m'timapaipi ta radiyeta yanu. Theka la timapaipito likatsekeka galimoto imayendabe bwino pamalo athyathyathya, chifukwa injini sikuvutika. Ikafika pachitunda ndi katundu ndi pamene chinsinsi chimaululika.

Chitani izi m'mawa injini isanatenthe. Tsekulani chotsekera cha radiyeta, dzazani madzi, lizani injini, muziyang'ana pakamwa pakepo. Mukaona thovu likutuluka osaleka, ndiye kuti gasiketi ya hedi yapsa kapena hediyo yang'aluka. Onaninso oyilo, ngati wasanduka wotuwa ngati wasakanizika ndi mkaka ndiye kuti madzi akulowa. Utsi woyera wosatha kumbuyo ndi chizindikiro china. Ngati zonsezi palibe, hedi yanu ili bwino ndipo wokuuzani za injini yatsopanoyo akufuna yakale ija.

Kenako fani. Ya 3L simazungulira ndi magetsi, ili ndi klatchi yake ya mafuta a silikoni mkati. Mafutawo akatha fani imazungulira mwaulesi, maso n'kumaona ngati ikugwira ntchito. Injini itatentha muithimitse, muikankhe faniyo ndi dzanja. Ikangoti pyololo osalimba, yatha. Imatheka kuthiramo mafuta ena kapena kugula ina.

Thermostat ibwerere m'malo mwake. Nkhani yochotsa ija ndi yobisa matenda, ndipo m'mawa wa Juni injini yadizilo imachedwa kutentha, imadya mafuta n'kumatha mkati. Chotsekera cha radiyeta nachonso musinthe, n'chotchipa. Sipuling'i yake ikafooka madzi amawira msanga, poti chimene chimawachedwetsa kuwira ndi mphamvu ya mpweya imene chotsekeracho chimasunga. Pomaliza thirani coolant, mankhwala a mu radiyeta aja, wosakaniza ndi madzi a mvula osefa kapena madzi a batire aja ogulitsa m'mabotolo. A pamjigo akhale akumwa.

Mayi a Thonje:

Ine ndiyankhulako ngati mayi, poti a m'nyumba mwanuwo pano palibe wowayankhulira. Bambo, ife timawerengera ndalama ya fizi ndi ya ufa, ndiye tikamaona mwezi ndi mwezi galimoto ili pa galaja mtima umawawa. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya aliyense wochokera kunja anakwera mtengo, ndipo wogulitsa amakuuzani mtengo wina m'mawa, wina madzulo. Akamati gulitsani sikuti sakuwalemekeza apongozi awo.

Komabe Probox ndikukaikira. Kwathu ndi ku East Bank, ndipo msewu wa ku Fatima ndi Muona nthawi ya dzinja galimoto yotsika ngati imeneyo imakhala pamimba. Funso langa ndi lina. Hilux yanuyo inalowa m'madzi nthawi ya namondwe Ana mu 2022 kapena namondwe Freddy mu 2023? Yathu inamira mpaka m'zitseko. Injini inadzuka, koma matope anatsalira mkati mwa chasisi n'kumadya chitsulo mwakachetechete, ndipo tinadzazindikira pamene pomangirira sipuling'i ya kumbuyo panathyoka tili ndi matumba a chimanga. Lowani pansi ndi hamala, gogodani chasisi yonse. Pomveka ngati chitsulo pali bwino, pomveka fwofwofwo pali dzimbiri. Injini imakonzeka, koma chasisi yowola ine sindingaikenso ndalama.

Dalaivala Wopuma:

Mwana wanga, ndayendetsa malole pa chitunda chimenecho tsitsi lisanachite imvi. A Sipanala anena zoona zokhazokha, ine ndingowonjezera za phazi lanu. Ambiri mumakwera Thabwa ndi giya yaikulu, phazi lili pansi, injini ikubuula, utsi wakuda kumbuyo. Pamenepo dizilo akulowa wambiri koma pampu ya madzi ndi fani zikuzungulira pang'onopang'ono. Tsitsani giya msanga, yachitatu kapena yachiwiri, injini izilira momasuka. 3L ilibe turbo, siinapangidwe kuti ithamange, ndiye musapikisane ndi tiana ta ma Sienta. Ndipo ngati ulendo ndi wanu, nyamukani tambala akulira. Kukwera masana dzuwa la kuno litafika madigiri 40 ndi kudzizunza.

Ikawira musathire madzi ozizira nthawi yomweyo, ndi mmene ma hedi amang'alukira. Musatsekulenso chotsekera, ndinaona mnyamata atasupuka nkhope yonse.

Chimene chimandiopsa ine kwambiri ndi potsika. Kuwira kumakuimitsani pambali, koma mabuleki akapsa pa makona aja mumakapezeka kuphompho. Tsikani ndi giya imene munakwera nayo. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, akakalamba amawira, phazi n'kungolowa pansi. Muwasinthe zaka ziwiri zilizonse ngakhale akuoneka odzaza.

Lamba wa timing, amene amayendetsa mavavu mogwirizana ndi mapisitoni, munasintha liti? Pa injini imeneyi ndi makilomita 100,000 aliwonse, ndipo akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni. Kanyale ka T-BELT kokumbutsa za lambayu amakaniko ena amangokathimitsa osasintha lamba. Ameneyu musagule wa pamsika wopanda dzina, gulani weniweni ngakhale adule. Zina monga magalasi, zitseko, masipuling'i, ku Ndirande ndi ku Limbe mupeza zakale zabwino, bola mupite ndi chakale chanucho m'manja mukayerekeze.

Kugulitsa ayi. Galimoto yopanda kompyuta, imene mnyamata wa pansi pa mtengo pa Ngabu angaimasule ndi masipanala wamba, simudzaipezanso.

Wa ku Ngabu:

Zikomo nonse. A Sipanala, mwalasa, madzi ndi a pamjigo wa kuseri kwa nyumba, kuyambira nthawi ya bambo. Ndayesa m'mawa uno, thovu palibe, oyilo ndi wakuda bwinobwino. Koma fani ndaikankha ndi chala chimodzi injini ili yotentha, yazungulira yokha. Mayi, nthawi ya Freddy galimotoyi inali pamtunda kwa alamu anga, madzi sanaifike, komabe Loweruka ndilowa pansi ndi hamala ndipo mayi akunyumba ndiwaitana adzamve okha kulira kwa chitsulocho. Agogo, za lamba kabuku ka bambo kakusonyeza kuti nthawi yake yayandikira, ndisinthira limodzi.

Tsopano radiyetayi, yanga ndi yamkuwa ija yoyambirira. Ndikaitsukitse pomasula matanki ake kapena ndigule yatsopano ya aluminiyamu?

Sipanala wa pa Dyeratu:

Yamkuwayo musaitaye, achimwene. Pitani nayo kwa owotcherera ma radiyeta, amasule thanki ya pamwamba, atokose kapaipi kalikonse ndi kawaya inu muli pomwepo, kenako aiyese m'madzi ngati sikudontha. Zatsopano zotchipazi matanki ake ndi apulasitiki, zikang'aluka muli ku Bangula palibe woziwotcherera. Mukamakabweza musinthiretu mapaipi a rabara onse awiri, ndipo pampu ya madzi muione nthawi imene atsekula za lamba, poti malo ake ndi amodzi.