Ma hamster a kukoleji kwathu akulumana, ndiwauze bwanji aphunzitsi?

nyenyezi_7

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za tinyama timeneti. Ndikuchita kosi ya kasamalidwe ka zinyama, chaka choyamba, ndipo pakoleji pathu pali chipinda chosungiramo tinyama tating'ono toti tiziphunzirirapo kagwiridwe, kadyetsedwe, kuyeretsa makola ndi zina zotero. Muli ma hamster (tinyama toweta tofanana ndi mbewa) ang'onoang'ono aja okwana 5, onse khola limodzi, papepala lomata pakholapo analemba kuti ndi a mtundu wa Campbell ndipo onse ndi amuna. Khola lake ndi lija lawaya la nsanja ziwiri zolumikizidwa ndi timapaipi ta pulasitiki, gudumu lothamangiramo limodzi, botolo la madzi limodzi, mbale imodzi, kanyumba kamodzi ka khomo limodzi, utuchi wake wochepa woti ukapisa chala chimagunda pansi chisanalowe chonse.

Nde kamodzi sikali bwino. Kumbuyo kwake pafupi ndi mchira ubweya unathothoka ndipo pali tizilonda touma, khutu lina ndi long'ambika, kamagona kokha pakona pamwamba pa nsanja anzake ali m'kanyumba, ndipo kakangoti katsike kakadye pali kena kakakulu kamene kamakathamangitsa mpaka kumangomva tswii tswii. Nditakanyamula ndinamva mafupa amsana m'dzanja, chonsecho anzake ndi onenepa. Ndinawauza amene amayang'anira chipindacho koma anangoti awa si a Syria, awa amakhala pagulu, akungoonetsana kuti wamkulu ndani. Sanandiyankhe mwachipongwe ayi, ndi munthu wabwino ndipo ntchito imawachulukira, koma nkhani inathera pompo.

Kodi n'zoona kuti amakhala pagulu? Ngati si zoona ndinene bwanji, kwa ndani, kuti ndisaoneke ngati mwana wa chaka choyamba akufuna kuphunzitsa aphunzitsi ake ntchito? Anthu omwewa ndi amene amachonga ntchito zathu. Koma kanyama kaja kakundisowetsa mtendere.

mlezi_watinyama

Achemwali, choyamba dziwani kuti maso anu sakukunamizani. Zilonda za kumbuyo pafupi ndi mchira zimabwera pamene kanyama kakuthawa, mnzake n'kumakaluma chakumbuyo. Kuonetsana ukulu kulipodi, kumakhala kugubuduzana pang'ono, kulira kamodzi kawiri, wina n'kugona chagada, basi zatha onse akagona pamodzi. Zikafika potuluka magazi, wina n'kumagona payekha ndi kuonda, imeneyo si nkhani ya ukulu, kameneko kakuzunzidwa ndipo kakhoza kufa, mwina ndi mabala mwina ndi njala.

Zoti amakhala pagulu, theka ndi zoona. Hamster wa Syria uja, wamkulu, amakhala yekha basi, palibe wotsutsa. Wa China nayenso ngakhale ndi wochepa thupi amafuna kukhala yekha. Otsalawo ndi atatu a banja la Phodopus, wa Campbell, wa winter white amene ena amati Djungarian, ndi wa Roborovski, amenewa amapirirana kuposa wa Syria. Wa Campbell kwawo ndi kumadera ouma audzu a ku Mongolia, kumpoto kwa China ndi mbali ina ya Russia, ndipo wamwamuna amathandizadi wamkazi kulera ana mpaka kumuthandiza pobereka, asayansi anazionera zimenezi. Koma taonani, amenewo ndi mwamuna ndi mkazi pa nthawi yoswana, kutchire kotakasuka koti wokwiyitsidwa amangochoka n'kukakumba una wake kwina. Amuna 5 akuluakulu m'kakhola kawaya si zomwezo, wogonja alibe kothawira.

Chinanso, nthawi zambiri amagwirizana ali ana, nkhondo imadzayamba akakhwima, n'chifukwa chake anthu amati koma akhala limodzi chibadwire bwanji lero. Ndipo tinyamati timachangamuka madzulo ndi usiku, nthawi yomwe pakoleji palibe munthu, nde zomwe mukuona masanazo ndi kachigawo kochepa chabe.

Ine ndikuti kovulalako kachotsedwe lero, osadikira misonkhano.

kadzidzi_wausiku

Ndikugwirizana nazo zoti kovulalako kachoke, koma tisapite nazo patali mpaka kumati kusunga pagulu ndi nkhanza basi. Ine ndinasungapo a Roborovski awiri aakazi obadwa mimba imodzi, anakhala limodzi mpaka ukalamba osalumana. Mukapita kwa aphunzitsi ndi mawu oti ma hamster onse amakhala okhaokha akutulutsirani buku lonena kuti ang'onoang'onowa amatha kukhala awiriawiri, mabuku oterowo alipo ambiri, nde mukhala mwaluza mkangano chonsecho kanyama kakadali momwemo.

Chomwe ndaona mu zomwe mwafotokozazi ndi khola. Khola limenelo ngakhale mutaikamo awiri okondana akhoza kuyambana. Chilichonse chilipo chimodzi, nde wamphamvu akangokhala pa mbale kapena pa botolo enawo aona zakuda. Timapaipi ndi nsanja ndiye zoipiratu, mmodzi amatha kutseka njira yekha n'kusandutsa nsanja yonse kukhala yake. Kanyumba ka khomo limodzi, wothamangitsidwa akalowamo wapanikizidwa. Amene amasunga awiri limodzi amaika khola lapansi limodzi lopanda nsanja, magudumu awiri, mabotolo awiri, tinyumba tamakomo awiri, chakudya n'kumachimwaza mu utuchi m'malo moika m'mbale kuti pasakhale poti n'kulondera.

Funsaninso kuti amayeretsa bwanji. Pakoleji ndikudziwa ophunzira amasinthana, aliyense amafuna kuti khola liwale, nde amataya utuchi wonse n'kutsuka ndi sopo. Tinyamati timadziwana ndi fungo, amuna ali ndi kamalo pamimba kotulutsa fungo komwe amapakira zinthu, nde mukachotsa fungo lonse amayambiranso kulimbirana malo ngati alendo. Kuchotsa ponyowa pokha n'kusiya utuchi wambiri wakale kumathandiza kwambiri.

mlezi_watinyama

Za khola ndavomera zonse. Koma a Roborovski awiri apachibale ndi a Campbell 5 amuna okhaokha ndi nkhani ziwiri achimwene. Ndipo ngakhale akonze khola, kovulala kaja kasadzabwezedwemo. Kakatalikirana nawo masiku ochepa okha fungo lasintha, amakalandira ngati mlendo, kulumana kwake kumaposa koyamba. Otsala 4 aja nawonso ayang'aniridwe chifukwa kakachoka kameneka wovutitsayo amangosankha wina.

mai_a_labu

Mwana wanga, ine ndinagwirapo ntchito yosamalira zinyama pa sukulu ngati yanuyo zaka zambiri, nde ndiyankhe mbali ya kanenedwe.

Munthu woyang'anira chipinda chotere amakhala ndi makola ambirimbiri, akalulu, mbira, njoka, mbalame, ndipo tsiku lililonse pamabwera wophunzira wonena kuti ndawerenga pa intaneti kuti izi ndi zolakwika. Khutu limazolowera, ngakhale wanena zoona amangomuyankha zomwe anakuyankhanizo. Chimene chimamuimitsa munthu wotere ndi zolemba. Tengani kope, lembani tsiku ndi nthawi, kanyama kati, mwaona chani, osaikamo maganizo anu, zooneka ndi maso zokha. Pemphani sikelo ija yoyeza magalamu muyeze onse 5, kenako muzibwereza sabata iliyonse tsiku lomwelo. Wa Campbell wamkulu amalemera cha m'ma 30 mpaka 50 magalamu, nde kutsika ndi magalamu 4 kapena 5 ndi nkhani yayikulu pa thupi lochepa chonchi. Jambulani zilondazo, koma pemphani kaye chilolezo chifukwa makoleji ena saloleza kujambula m'zipinda zimenezi, ndipo chonde musaziike pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Mukatero nkhani imasiya kukhala ya kanyama, imasanduka ya mbiri ya koleji ndi mwambo wa wophunzira, ndipo zitseko zonse zimatsekeka.

Koma za bala musadikire kuti kope lidzaze. Bwererani kwa yemweyo mawa m'mawa, osati pagulu la anzanu, mukanyamule kanyamako mupatule ubweya muwaonetse, muwafunse kuti kodi tingakapatule kaye mpaka adokotala a ziweto atakaona? Funso lotere ndi lovuta kulikana chifukwa simunanene kuti alakwitsa. Ndipo pakufunikadi dokotala, poti kuthothoka ubweya kumbuyo kumabweranso ndi tizilombo ta pakhungu totchedwa Demodex, timene timachuluka kanyama kakafooka, komanso a Campbell amadwaladwala shuga, yomwe imaondetsa ndi kumwetsa madzi kwambiri. Khutu long'ambika lokha ndi lomwe silingabwere ndi matenda amenewa. Mukazitchula nokha zimenezi amaona kuti mwaganiza mbali zonse.

Akakana, pitani kwa mphunzitsi wa kalasi yanu, kenako mkulu wa dipatimenti, polemba imelo yaifupi yaulemu yokhala ndi masiku, magalamu ndi zithunzi. Osadumpha munthu, ndipo woyambayo mumuuze kuti ndikalembera aphunzitsi, asadzamvere kwina.

Gwiritsani ntchito zomwe akukuphunzitsani iwo eni. Pafupifupi kosi iliyonse ya zinyama imaphunzitsa maufulu 5 aja omwe anayambira ku Britain pa lipoti la Brambell la 1965, kusamva njala ndi ludzu, kusakhala movutika, kusamva ululu kapena kuvulala kapena kudwala, kutha kuchita zachibadwa, ndi kusakhala mwamantha. Kanyama kanuko kakusowa pafupifupi onse. Ku England ndi Wales lamulo la Animal Welfare Act la 2006 linachita kulemba kuti chiweto chili ndi kufunika kokhala pamodzi ndi zinzake kapena kotalikirana nazo, malinga ndi mtundu wake. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko koma mfundo yake mphunzitsi aliyense wa kosi imeneyi amaidziwa. Mukhozanso kupempha kuti ikhale pulojekiti ya kalasi, kuunika makola onse pogwiritsa ntchito maufulu amenewa, aphunzitsi ambiri amakonda zotere chifukwa ndi phunziro laulere.

Za magiredi, sindikunamizani kuti aliyense amalandira bwino. Koma ntchito yomwe mukuphunzirayi ndi imeneyi, kuona chiweto chodwala n'kunena. Ine wophunzira wobwera ndi kope ndinkamukumbukira ikafika nthawi yolemba makalata omuchitira umboni pofuna ntchito.

nyenyezi_7

Zikomo kwambiri nonse, makamaka amayi, za imelo ndi kuwauza kaye ndamva. Chomwe ndikudziwiratu n'choti andiuza kuti makola ena palibe, onse ali ndi eni ake, ndipo kugula chinthu pakoleji kumadutsa m'maofesi ambiri. Ndingawayankhe chani pamenepo? Komanso pali mnzanga amene akuti kamodzi mwa onenepawo mimba yake ikukula modabwitsa, nanga ngati pa 5 paja pali wamkazi?

mlezi_watinyama

Zimachitika kwambiri, ali ana kusiyanitsa ndi kovuta. Muwatembenuze mmodzimmodzi kapena muwaike m'kabotolo koonekera muyang'ane chapansi, wamwamuna mpata wa pakati pa chiwalo chokodzera ndi chotulukira chimbudzi ndi wotalikirapo ndipo pamimba pamaoneka kamalo ka fungo kachikasu, wamkazi ziwalozo zimayandikana ndipo ali ndi timawere. Ngati alipo wamkazi ndiye chifukwa china cha nkhondoyo chapezeka, ndipo pafunika changu, bere lawo limangotenga masiku 18 mpaka 21, akabereka amatha kutenganso lina pasanathe maola 24, anawo nawonso pofika sabata 4 kapena 5 ayenera kupatulidwa amuna kwaokha akazi kwaokha. Koleji yodandaula za khola limodzi lero ikhoza kufuna makola 10 miyezi iwiri ikubwerayi, muwauze zimenezo.

Za khola losowa, bokosi lalikulu la pulasitiki losungiramo katundu limakwana. Mudule pakati pa chivindikiro mumangepo waya wa maso ang'onoang'ono kuti mpweya uzilowa, basi. Mulingo womwe osunga ambiri amatsata ndi 100 cm ndi 50 cm pansi pake, koma kongopatulira mwadzidzidzi ngakhale locheperapo ndi labwino kuposa kulumidwa. Utuchi kapena mapepala ofewa muike okuya ndithu, 20 cm kupita m'mwamba, kuti kazikumba. Ku yunivesite ya Bern ku Switzerland anayesa pa ma hamster a Syria, kafukufuku wake anatuluka mu 2006, ena anawaikira 10 cm ena 40 ena 80, ndipo a utuchi wochepawo ndi amene ankatafuna waya kwambiri. Gudumu likhale losachepera 20 cm ndipo lopanda mipata popondapo, kuti msana usapindike ndi mwendo usakodwe. Kambale ka mchenga wosambira, osati wafumbi.

Pa kovulalako, poyamba muyale mapepala oyera ofewa kuti muziona ngati bala likutuluka magazi kapena mafinya, mabala olumidwa amatseka pamwamba n'kutupa mkati pakapita masiku. Wina asakapatse mankhwala otsala a galu kapena a anthu, penicillin ndi amoxicillin amapha ma hamster powononga tizilombo tabwino ta m'matumbo, nde mankhwala alembe dokotala yekha. Bokosilo lisagundane ndi khola lakale, muliike patali pang'ono poti asamanunkhizane, ndipo mumatepo pepala lolemba zilembo zazikulu kuti kameneka kasabwezedwe, chifukwa gulu lina la ophunzira likabwera kudzayeretsa likhoza kukabweza mosadziwa.